Makompaila Atatu a Mesitiri Zakeyu

Chaka chitakwana chimwalirire a Mesitiri Zakeyu, mwala wa pamanda pawo ku Ruda unali usanaikidwebe. Si kuti wosema miyala wa ku Hauna anali waulesi ayi. Mwalawo anausankha okha a Mesitiri akadali moyo, waukulu, wa anthu awiri, mbali ina yawo, ina ya akazi awo. Koma akaziwo anauza wosemayo kuti asaukhudze kufikira iwo atalankhula ndi ine, Nabanda, amene ndinakhala ndi amuna awo m'chipinda cha makompyuta cha pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, mipando yathu itapatsana msana. Anali ndi funso limodzi. Yankho langa ndilo likanagamula ngati adzagone pambali pa mwamuna wawo, kapena abwerere kwa abale awo ku Tete akafere kumeneko.

Ndiyambe ndanena kuti a Mesitiri sankakhulupirira kanthu. Tiyi wa pa fakitale pathu pomwe ankayamba amununkhiza asanamwe. Kombi ya ku Mutare sankakwera asanaizungulire n'kumenya matayala ndi nsonga ya nsapato, mahwindi, anyamata oitanira anthu okwera, akuwaseka. Waya woti azimitsa okha magetsi ankaukhudzabe ndi kunja kwa dzanja. Ukawapatsa moni wansangala kwambiri ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi, kudikira kuti unene chimene wabwerera. Ndipo munthu ukakhala naye nthawi yaitali wotere, matendawo umawatenga. Ine ndinawatengadi, ndipo woyamba kumukayikira anali mwini matendayo.

Kwawo kunali ku Angonia. Anagwirapo ntchito ya magetsi ku njanji cha ku Beira, kumene anatengako dzina la Mesitiri, ndipo nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inawaponya m'chigwa chathu chino cha Honde. Akafunsidwa za abale ankayankha mwachidule kuti onse anatha, kenako n'kusintha nkhani. Pa esiteti anayamba ndi kukonza mafani ndi mamota. Kenako kunabwera injiniya wina kudzaika timakompyuta toyang'anira kutentha kwa makina owumitsira tiyi, ndipo pochoka anasiya mapulogalamu olembedwa m'chilankhulo cha C, buku lothothoka chikuto, ndi a Mesitiri amene ankamugwirira makwerero. Anadziphunzitsa okha, ndipo sankalola aliyense kuiwala zimenezo.

Ine atandisamutsira m'chipindamo, phunziro loyamba linali la makompaila. Kompaila, iwo ankatero, ali ngati womasulira wa kukhoti: iwe ulemba zako, iye azisandutsa zoti makina amve, ndipo akakupotozera mawu sudziwa mpaka chigamulo chitatuluka. Phunziro lachiwiri linali la poyinta, chimene ankachifotokoza atatambasula chala. Poyinta sanyamula katundu, amangoloza pamene katundu ali. Poyinta wabwino amanena chimene akuloza, kaya nambala, kaya chilembo. Koma nthawi zina umafuna poyinta woloza chilichonse, monga pamene ukupempha malo kwa makina usananene chimene udzaikepo. Akale ankabwereka poyinta wa zilembo, char wa kanyenyezi, n'kumukakamiza ntchito imeneyo. Atsopano anapanga wakewake, void wa kanyenyezi. Nkhani yonse ya moyo wa a Mesitiri pa ntchito inagona pa kanyenyezi kameneko.

Kampani inali ndi makompaila atatu, ogulidwa nthawi zosiyana, ndipo a Mesitiri aliyense anamupatsa dzina. Wa pa fakitale ya ku Honde anali Nkhalamba. Iyeyu liwu loti void sankalidziwa n'komwe. Akalipeza ankangoima n'kukana kupitirira. Wa mu ofesi, watsopano, anali M'busa, chifukwa void wa kanyenyezi ankamulandira bwino, koma ukagwiritsa char m'malo mwake ankakulalikira machenjezo kudzaza sikirini yonse. Awiriwa a Mesitiri ankawalemekeza, poti wokana ndi wodandaula umadziwa pamene aima. Amene ankadana naye anali wa ku esiteti inzathu ya ku Chipinge, Mthirakuwiri. Ameneyu void ankamudziwa theka: ankamumva bwino pa ntchito yosabweza yankho, koma ukamuwonjezera kanyenyezi sankakana, sankachenjeza, ankangomanga pulogalamu yooneka yabwinobwino koma yoloza pambali. Chaka china choyambirira anachitadi zimenezo. Makina anawerenga kutentha pamalo polakwika, moto unakwera, tiyi wa tsiku lonse anapserera, ndipo fungo lake akuti linamveka mpaka kumalayini a antchito.

Kuchokera pamenepo a Mesitiri anauza mabwana kuti pulogalamu ikasinthidwa pang'ono pokha, ayenera kupita okha ku Chipinge kukasintha mapoyinta onse pamanja, mmodzimmodzi, n'kumanga pomwepo akuona ndi maso. Mabwana, amene ankakumbukira fungo lija, sanatsutse. Ndiye mwezi uliwonse panapezeka chosintha. Ankanyamula kachikwama ka zikopa, kombi mpaka ku Mutare, basi mpaka ku Chipinge, n'kubwerera patapita masiku angapo atatopa ndiponso ali chete kuposa kale. Mwambi wawo, umene ankaubwereza mpaka kutopetsa, unali woti makina ovomera msanga ndi oopsa kuposa okana.

Kunyumba kwawo kunalibe mwana. Kuno mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, koma iwo anakalamba akuitanidwa Mai Zakeyu, dzina la mwamuna. Pa mpopi amayi ankanong'onezana kuti vuto lili ndi ndani, ndipo m'kupita kwa nthawi chala chinatsamira kwa a Mesitiri. Amuna kumowa ankawatcha gojo iwo ali pomwepo. Munthu amene ankakwiya ukangosuntha sikuludiraiva yake, pa ichi chokha sankakwiya. Ankangokweza mapewa n'kunena kuti Mulungu amagawa mmene afunira. Kufatsa kumeneko ine sikunandikhutiritse, chifukwa sikunkafanana nawo.

Tinakanganapo kwambiri kamodzi. Ndinali nditazolowera ntchito, ndipo ndinawauza maganizo amene aliyense wodziwa C akanawapeza.

"A Mesitiri, bwanji tingopanga dzina limodzi lathu la poyinta woloza chilichonse, tiliike mu fayilo imodzi? Kwa Nkhalamba ndi Mthirakuwiri litanthauze char, kwa M'busa litanthauze void. Mzere umodzi basi. Anyamata a ku Chipinge azimanga okha, inu mupume maulendowa."

Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono.

"Nabanda, tiyi uja atapserera unali kuti?"

"Ndinali kusukulu."

"Pulonto, basi. Ndiye za Mthirakuwiri uzisiyire amene anamva fungo."

"Koma mzerewo ungalephere pati? Ndilozereni."

"Ndati aiwa, ayi! Ukufuna basa langa, undilande ntchito, kapena wakutuma ndi Mai Zakeyu?"

Dzina la akazi awo sindinalitchule ine. Analitchula okha, ndipo ndinazisunga mumtima. Sabata yonse imeneyo tinkalankhulana kudzera mwa mesenjala, tili m'chipinda chimodzi.

Ankadziwa kupepesa mwa njira yawo. Lolemba lotsatira ndinapeza mapeyala a m'munda mwawo pa mpando wanga, popanda mawu. Ndiwo amene anandiperekeza kuchipatala mwana wanga atathyoka mkono, n'kukalimbana ndi anamwino mpaka anatithandiza. Sindikufuna wina aganize kuti anali munthu wouma mtima. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawakayikira, zonse pamodzi.

Choonadi cha makinawo ndinachidziwa nyengo ina ya mvula, masamba akuchuluka moti mathirakitala ankachita mzere pa fakitale. A Mesitiri anagwa ndi malungo, anagonekedwa ku Hauna. Tsiku lomwelo a ku Chipinge anaimba foni kuti asintha kachipangizo koyezera kutentha, pulogalamu iyenera kumangidwanso, apo ayi tiyi awolera m'mathirafu ofotetsera masamba. Bwana anandiloza ine. Ndinapita ndikuganiza za mapoyinta mazanamazana oti ndisinthe pamanja ndi fungo la tiyi wopserera limene lidzatchedwe dzina langa.

Amene anandilandira anali baba Mhlanga, wa zamagetsi wa kumeneko, Mndau woseka ndi thupi lonse. Anandikhazika pa kompyuta yachikasu ndi ukalamba. Nditatsegula mafayilo ndinapeza mzere uja, womwe uja ndinakalipiridwa nawo, uli pamwamba penipeni pa fayilo yoyamba. Deti lolembedwa pambali pake linkaonetsa kuti unali utakhalapo kalekale, ine ndisanalowe n'komwe m'chipinda chathu. Palibe poyinta ndi mmodzi yemwe wofuna dzanja la munthu. Ndinasintha manambala a kachipangizo katsopano, ndinamanga, makina anayenda, tiyi amene anandiikira pambali asanazizire.

"Nanga a Mesitiri akabwera amachita chiyani masiku onsewa?" ndinafunsa.

Baba Mhlanga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Sekuru, madala aja? Haa, sisi, vanongomhoresa chete, amangopereka moni. Moni, moni, kompyuta ili bwino? Ili bwino. Basi, ulendo wa ku Chirinda. Ife timati kuli kamudzimai, kamkazi kobisa, kumeneko, koma munthu wamkulu safunsidwa."

Pobwerera ndinatsikira ku Hauna. A Mesitiri ndinawapeza atakhala pa bedi, ataonda, akununkhiza phala la kuchipatala.

"Zayenda?" anafunsa.

"Zayenda. Mzere uja ndauona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika supuni m'mbale.

"Wandifufuza."

"Ndinatumidwa ntchito. Ku Chirinda kuli chiyani, a Mesitiri?"

"Kuli mitengo italiitali."

"Musandiyese mwana."

"Nabanda, ukuganiza kuti ndinganamize kampani zaka zonsezi chifukwa cha siketi? Kawauze mabwana ngati ukufuna. Koma kunyumba kwanga usakafike nazo."

Mabwana sindinawauze, ndipo za m'nyumba ya eni siziyambidwa ndi wapanja. Maulendo anapitirira mpaka anapuma ntchito, ndipo atapuma anauza akazi awo kuti kampani ikuwapemphabe kukaona Mthirakuwiri, ngakhale kompyuta ija inali itatayidwa kale ku mulu wa zitsulo. Ine ndinkati ndi mkazi ndithu. Munthu akakana chinthu usanamufunse bwino, ndiye kuti chilipo.

Ndiye tsiku lija Mai Zakeyu anandiitana. Ndinawapeza pakhonde akusola nyemba, duku loyera la kutchalitchi lili kumutu. Sanazungulire.

"Mwanangu, za akazi sindikufunsa. Ndikufunsa za makina, poti iwe ndiwe wodziwa. Chinthu chija cha ku Chipinge, chimene ankachitcha Mthirakuwiri, chinkawafunadi bambo ako aja mwezi ndi mwezi?"

Ndikanatha kubisala kuseri kwa mawu a ntchito. Makompaila aja ankasiyanadi, tiyi anapsereradi, zonsezo zinali zoona. Koma mayiyo sanafunse zimenezo.

"Poyamba chinkawafuna, amayi. Pambuyo pake ayi. Anachikonza ndi mzere umodzi, kalekale."

Anapitiriza kusola nyemba mpaka m'lichero munatha.

"Ankapita kuti?"

"Ndinamva kuti ku Chirinda. Kwa ndani sindikudziwa."

"Mawa undiperekeze. Ndikufuna ndikamuone ndi maso anga mkazi ameneyo, kenako ndizipita kwathu."

Baba Mhlanga, amene nawonso anali atapuma, anatilangiza pa foni kuti titsike pa chigayo cha kufupi ndi nkhalango ya Chirinda n'kufunsa kumene ankafikira sekuru a makompyuta. Ulendo wonse Mai Zakeyu sanadye kanthu. Pa chigayo anthu anatilozera kanjira kodutsa m'minda ya nthochi, kokafika pa mudzi wa anthu a mpingo wa Positori. Mayi wachikulire wovala zoyera anatuluka kudzatichingamira, ndipo ndinamva mkono wa Mai Zakeyu ukuuma m'dzanja langa. Koma mayiyo atamva dzina la Zakeyu, anagwada n'kuwomba m'manja.

"Ndimwe mai vacho, akunyumba aja? Titambire, titambire, takulandirani. Ine ndine Mai Sigauke. Bwerani mumuone mwana wanu."

Kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, panakhala bambo wa imvi m'mbali mwa mutu, akupota chingwe cha khonje. Atatukula nkhope ndinaona chipumi cha a Mesitiri, makutu awo, ndi kayang'anidwe kaja ka pansipansi, kongosowa magalasi. Panalibe choti wina afotokoze, komabe Mai Sigauke anafotokoza, akusakaniza Chindau ndi Chinyanja. Dzina lake ndi Arimando, mwana wa mkazi woyamba wa a Mesitiri, amene anafa pa nkhondo. Anthu a mfuti anamutenga ali mnyamata, ndipo pamene anatulukira ku msasa wa othawa nkhondo mutu unali usakugwiranso bwino. Banja la a Sigauke linamutenga kuti azithandiza kumunda. Bambo ake, amene ankamuyesa wakufa, anamupeza pa geti la fakitale ya ku Chipinge atasenza nkhuni, akudzilankhulira yekha Chinyanja cha ku Angonia. Unali umodzi mwa maulendo enieni aja, a masiku amene Mthirakuwiri ankavutadi.

"Bwanji sanabwere naye kunyumba?" Mai Zakeyu anafunsa, mawu ali ouma.

"Tinawafunsa, mai. Anati ndikafika naye ku Ruda, anthu adziwa kuti ine ndinabereka. Ndiye pakamwa ponse patembenukira kwa mkazi wanga. Anati bola azinditcha ine gojo."

Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinkayembekeza kuti nawonso alira ndi kuthokoza. Sanatero. Anakhala pansi pa dothi, miyendo atatambasula, n'kumenya nthaka ndi chikhatho.

"Anandifunsa ine? Anandifunsa kuti ndikuopa pakamwa pa anthu? Zaka zonsezi ndikuphikira anthu awiri, ndikulera ana a eni kutchalitchi, kumeneku kuli mwana wopanda mayi! Zakeyu wandimana mwana. Wandimana!"

Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena mantha. Munthu amene ananena kale kuti abale onse anatha, mwina anaopa kubwerera kukaulula, n'kupeza chifukwa chokoma choti adziuze. Mwina ankakayikira kuti mkazi wake sangamulandire mwana wodwala mutu, monga ankakayikira china chilichonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti kusiyana kwa makompaila aja kunali koona, ndipo bodza lomangidwa pa chinthu choona ndilo limakhalitsa. A Mesitiri ndinawakwiyira tsiku limenelo kuposa tsiku lija ndinawapeza kuchipatala ndi malungo, ndipo ndinawasowanso kuposa tsiku la maliro.

Arimando sanasiye kupota chingwe chake. Mai Zakeyu atatonthola anakwawira pafupi naye, anamuyang'ana zikhadabo, anamugwira kolala ya shati yong'ambika. Anamufunsa m'Chinyanja cha kwawo ngati wadya. Iye anayankha kuti wadya mbatata. Kenako Mai Zakeyu anatembenukira kwa ine.

"Nabanda, ukafika ku Hauna umuuze wa miyala uja ayambe ntchito. Ku Tete sindipita. Koma mbali inayo asalembe dzina langa. Malo amenewo ndi a uyu. Anamubisa ali moyo, adzagone naye poyera anthu onse akuwerenga."

"Nanga inu, amayi?"

"Dothi ndi lambiri ku Ruda. Mudzandipezera penapake."

Anati atsala kaye kumeneko masiku angapo kuti amusokere shati, ndipo ine ndikwere basi ndekha.

Za imfa ya bambo ake Arimando anauzidwa kangapo, koma sizikhala m'mutu mwake. Ndikutsanzika, basi ya ku Chipinge inaliza hutala kumsewu. Anaika chingwe pansi, analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi mpando wamatabwa wokhala ndi chotsamira, mpando wokhawo wotere pa mudzi wonsewo. Anauika pansi pa mtengo wa mango, pamalo pamene miyendo yake inayi inakumba kale timaenje m'dothi. Anaupukuta ndi mkono wa shati, anautembenuza pang'ono kuti uyang'ane kanjira ka m'nthochi, kenako anabwerera pa malo ake pansi, pambali pake. Mai Sigauke anati amatero basi iliyonse ikalira, ndipo palibe amene amaloledwa kukhalapo. Kutsogolo kwa mpandowo udzu unali utayamba kumera pamene pankaponda nsapato za bambo ake.